KODI TIGULE WUFA? ZA MAU A TV NDI MASIPIKA APADERA

Aliyense amene wadutsapo pa msika wa Jali kapena pa doko la Kachulu madzulo a Loweruka akudziwa kuti nyumba yoonetsera kanema imayamba kumveka munthu asanaione. Mwini wake sadalira mau a TV yokha ai. Amakoka waya kuchokera ku TV kapena ku dikoda n'kumulowetsa mu ampulifaya, kenaka amaika chisipika chimodzi m'kati, china pakhomo, kuti odutsa adziwe kuti mpira wayamba. Mabanja a m'dera la Mfumu Mwambo amene agula TV ndi ndalama za mpunga kapena za matemba, nawonso amafika pa funso lomweli. Ana amati TV ilibe mau, tigule wufa. Agogo amati nkhani sizikumveka. Bambo amayang'ana m'thumba.

Okondedwa awerengi, funso limeneli si lachibwana. Ndalama ya kunyanja sidalirika, pakuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yaikulu inaphwanso mu 2018. Munthu amene ndalama yake imadza ndi madzi sayenera kuitaya pa chinthu chimene sakuchidziwa bwino. Tsono tiyeni tione chifukwa chake mau a TV amakhala m'mene alilimu, chimene masipika apadera amaonjezapo, ndiponso nthawi imene kugula masipikawo kuli kwanzeru.

MAU N'CHIYANI?

Mau ndi kugwedezeka kwa mpweya. Woimba ng'oma akamenya chikopa, chikopacho chimanjenjemera, chimakankha mpweya umene uli pafupi, mpweyawo umakankha unzake, mpaka kugwedezekako kufika m'khutu mwathu. Kumayenda mtunda wa mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake mukamaona munthu akudula mtengo patali, nkhwangwa imagwa kaye, phokoso lake n'kubwera pambuyo.

Akatswiri amawerenga kuti chinthu chikugwedezeka kangati pa sekondi, ndipo muyeso wake amautcha hertz. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira ma hertz 20 mpaka 20,000. Kugwedezeka kochepa pa sekondi kumapereka mau aakulu, amene a kwaya amati besi. Kugwedezeka kochuluka kumapereka mau aang'ono, monga a mluzu kapena a mbalame.

Sipika nayo ndi ng'oma, kungoti woimenya ndi magetsi. M'kati mwake muli maginito, koyilo ya waya woonda, ndi pepala lolimba lozungulira looneka ngati mbale. Magetsi ochokera mu ampulifaya akadutsa mu koyilo, koyiloyo imakankhidwa ndi kukokedwa ndi maginito, ndipo mbale ija imapita kutsogolo ndi kumbuyo n'kumakankha mpweya. Sipika ya mtundu umenewu anaikonza bwino ndi Chester Rice ndi Edward Kellogg a ku kampani ya General Electric ku America mu 1925, ndipo mpaka lero pafupifupi masipika onse, a mu foni ndi a pa ukwati omwe, amagwira ntchito motero.

CHIFUKWA CHAKE TV YOPYAPYALA ILIBE BESI

Palibe amene anamvapo kang'oma kakang'ono kakugunda ngati ng'oma yaikulu ya tchopa. Chimodzimodzinso anyamata opanga babatoni amaipatsa chithupi chachikulu, chifukwa amadziwa kuti chitini chaching'ono sichingatulutse besi. Lamulo lake n'loti mau aakulu amafuna kukankha mpweya wambiri. Kuti sipika itsike kuchoka pa ma hertz 200 kufika pa 100 popanda kuchepetsa mphamvu ya mau, iyenera kukankha mpweya wochuluka kanayi. Kuti itsikenso kufika pa 50, iyenera kukankha wochuluka ka 16.

Taganizirani tsono masipika awiri. Ina mbale yake ndi ya masentimita 5 m'mimba mwake, monga timasipika ta mu TV. Ina ndi ya masentimita 20, monga ya mu wufa. Yachiwiriyi ikuoneka yaikulu kanayi, koma malo amene ikukankhira mpweya ndi aakulu ka 16, ndiponso mbale yake imatha kupita patali kutsogolo ndi kumbuyo. Kasipika kaja kangayesetse bwanji, sikangapikisane nayo.

Chachiwiri ndi bokosi. Mbale ya sipika ikamakankha mpweya kutsogolo, imakhala ikukoka mpweya kumbuyo. Ngati palibe chotchinga, mpweya wakutsogolo umangothamangira kumbuyo kukadzaza malo, ndipo besi imazimirira. Yesani kuchotsa sipika m'bokosi lake n'kuiliza ili pamtunda, mudzamva kuti yasanduka ngati kawailesi ka m'thumba. Bokosi ndilo limalekanitsa mbali ziwirizi, ndipo likakhala lalikulu ndi lolimba, besi imamveka bwino.

Pamene Television Malawi inatsegulidwa pa 1 Epulo 1999, ma TV amene anthu anali nawo, ngakhale aja ankaonetsera makaseti a vidiyo m'misika, anali achimbuyo chachikulu. M'chimbuyomo munali malo okwanira, ndipo masipika ambiri ankayang'ana kutsogolo, kwa woonera. Ma TV a masiku ano ndi opyapyala ngati bukhu. Chithunzi chakula ndi kuwala, koma malo a sipika atha. Opanga amaika timasipika tiwiri ta mawati 5 kapena 10 kamodzi, ndipo kawirikawiri timayang'ana pansi kapena kumbuyo, chifukwa kutsogolo konse n'kwa galasi. Choncho amene amati TV yakale inali ndi mau abwino kuposa yatsopano sakunama, ndipo TV yatsopanoyo sikuti ndi yoonongeka.

KUKWEZA MAU SI KUMVEKA BWINO

Apa mpamene anthu ambiri amasokonezeka. Kusowa besi ndi vuto lina, kusamveka kwa zolankhula ndi vuto linanso. Mwamuna akamalankhula, pakhosi pake pamagwedezeka ka 100 kapena ka 120 pa sekondi, mkazi pafupifupi ka 200. Koma chimene chimatithandiza kusiyanitsa "sala" ndi "tsala", kapena "phala" ndi "thala", ndi timau tating'ono ta pa milomo ndi pa mano, timene tambiri tili pakati pa ma hertz 2,000 ndi 4,000. Lamya ya masiku akale inkanyamula mau oyambira pa ma hertz 300 kulekeza pa 3,400 okha, komabe anthu ankamvana ndi kuzindikirana. Izi zikusonyeza kuti pomvera nkhani, ulaliki kapena zokambirana, timasipika ta mu TV tili ndi zonse zofunika, malinga ngati mau ake akufika kwa omvera.

Vuto n'lakuti mau aang'ono amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, pamene mau aakulu amafalikira ponseponse. Funde limodzi la mau a ma hertz 3,000 ndi lalitali masentimita 11 okha, ndipo mpando kapena nsalu imalitchinga. Funde la ma hertz 50 ndi la mamita pafupifupi 7, ndipo limazungulira khoma ndi kudutsa chitseko. Sipika ikayang'ana kukhoma, timau tofunika tija timatayika, n'kutsala chinamng'ung'udza. N'chifukwa chakenso mnansi wa munthu wa wufa samva mau a nyimbo, amangomva "du, du, du" usiku wonse.

Agogo amene akudandaula kuti nkhani sizikumveka ali ndi chifukwa. Munthu akamakalamba, khutu limayamba kutaya mau aang'ono. Mdzukulu akawagulira wufa n'kukweza besi, waonjezera mau amene iwo amamva kale, n'kukwirira amene akuwasowa. Agogowo adzamva phokoso lochuluka, koma nkhani yocheperapo.

Mafilimu ali ndi vuto lawolawo. Kuyambira cha m'ma 1992, mafilimu ambiri akunja amajambulidwa ndi njira zisanu ndi imodzi za mau, ndipo zolankhula zili ndi njira yakeyake ya sipika yapakati. TV ikasakaniza zonsezi m'timasipika tiwiri, mfuti ndi nyimbo zimamiza olankhula. Apa masipika apadera okhala ndi sipika yapakati amathandizadi.

NYUMBA NAYO ILI NDI MAU AKE

Aseminale anzanga akudziwa kuti kwaya imodzimodziyo imamveka mosiyana m'tchalitchi ndi pa bwalo. Zipupa za njerwa zopaka pulasitala, pansi pa simenti ndi denga la malata lopanda siling'i zimabweza mau. Mau obwezedwawo amafika m'khutu mochedwerapo pang'ono n'kusakanizika ndi mau atsopano. M'chipinda chotere, kukweza sipika n'kukweza chisokonezo. Mvula ikamagwa pa malata, ngakhale sipika yodula siithandiza kwenikweni.

Nyumba yofolera ndi udzu imameza mau obwerera, ndipo kawailesi kakang'ono kamamveka bwino m'menemo. Ife a m'mbali mwa Chilwa tili ndi mwayi, pakuti bango si losowa. Mphasa zoikidwa ngati siling'i, mkeka pansi, makatani pa mazenera, mipando ya makhushoni, ngakhale anthu amene akhala m'chipindamo, zonsezi zimachepetsa mau obwerera. Mphasa zingapo zingathe kukonza mau a m'nyumba kuposa ampulifaya yatsopano.

Mtunda nawo ndi wofunika. Panja, mukawirikiza kawiri mtunda wochokera pa sipika, mphamvu ya mau yofika kwa inu imatsala gawo limodzi la magawo anayi. M'nyumba kuchepako sikufika pamenepo, komabe amene wakhala mamita 2 kuchokera pa TV amamva bwino kuposa wa pa mamita 4. Mpando wa agogo uyenera kukhala wapafupi ndiponso wolunjika.

MAWATI A PA KATONI

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'masitolo a mu Zomba ndi mu Limbe mumaona makatoni olembedwa 2000W kapena 5000W ndi zilembo zikuluzikulu, ndipo pambali pake pali timalemba toti PMPO. Nambala imeneyi ilibe muyeso wovomerezeka. Wopanga aliyense amalemba m'mene wafunira. Nambala yoyenera kuikhulupirira ndi yolembedwa RMS, imene imanena mphamvu imene ampulifaya ingatulutse mosalekeza. Ngati palibe, tembenuzani chipangizocho muwerenge kumbuyo magetsi amene chimadya. Chimene chimadya mawati 40 sichingatulutse mawati 2,000 mosalekeza, monganso thumba limodzi la chimanga silingatulutse matumba khumi a ufa.

Dziwaninso kuti khutu silimva mawati monga m'mene timawerengera ndalama. Kukula kwa phokoso kumayezedwa ndi ma decibel. Mukawirikiza mawati kawiri, mwaonjezera ma decibel 3 okha, ndipo khutu limaona kusintha kochepa. Kuti anthu anene kuti mau akwera kawiri, pamafunika mawati ochuluka pafupifupi kakhumi. Tsono kulipira ndalama zambiri kuti mugule ya mawati 60 m'malo mwa ya mawati 40 n'kulipirira chinthu chimene simudzachimva kwenikweni. Kukula kwa sipika ndi kulimba kwa bokosi n'zofunika kuposa nambala.

Ampulifaya yaing'ono ikakwezedwa mpaka pamapeto, mau amayamba kuphwanyika ndi kusasa. Imeneyo ndi nthawi imene makoyilo amapsa, makamaka a timasipika ta mau aang'ono. Enanso amalumikiza masipika ambiri pa mawaya amodzimodzi. Masipika awiri a ma ohm 8 akalumikizidwa motero amasanduka ma ohm 4, anayi amasanduka ma ohm 2, ndipo ampulifaya imene sinapangidwire zimenezo imatentha n'kupsa. Onetsetsaninso kuti waya wofiira wapita kofiira ndipo wakuda kwakuda pa masipika onse awiri. Mukasemphanitsa pa sipika imodzi, ina imakankha pamene inzake ikukoka, ndipo besi imene mwagula imadyana yokhayokha.

BATIRE SILINAMA

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse m'Malawi muno ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi zinali zochepa kuposa pamenepo. M'midzi yotalikirana ndi mawaya a ESCOM, TV imadalira sola ndi batire. Tiyeni tiwerengere chitsanzo. Batire la mavolti 12 lolembedwa 50Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 600 kwa ola limodzi. Batire la asidi silifuna kukhutulidwa lonse. Kuti likhalitse, timagwiritsa ntchito theka, ndiye kuti 300. TV yodya mawati 40 ingayake maola 7 ndi theka. Mukaonjezapo wufa yodya mawati 30, maola aja amatsika kufika pa 4 ndi mphindi zochepa. Batire lomwelo ndilo likuyatsa nyale imene mwana wa Sitandade 8 akuwerengera, ndiponso likutchaja foni. Pogula wufa, mtengo wake si wa pa sitolo wokha. Muli mtengo wa sola yokulirapo kapena wa batire lotha msanga.

MAKUTU ALIBE SIPEYA

M'kati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo taubweya pafupifupi 15,000 timene timasandutsa kugwedezeka kukhala uthenga wopita ku ubongo. Phokoso lalikulu limationonga, ndipo tikafa sitimeranso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachenjeza mu 2015 kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa ngozi yoononga makutu awo chifukwa cha kumvera mokweza. Malangizo ake ndi akuti munthu wamkulu angamvere ma decibel 80 kwa maola 40 pa sabata, ma decibel 90 kwa maola 4 okha, ndipo ma decibel 100 kwa mphindi 20 zokha pa sabata. Kucheza kwa masiku onse kumakhala pa ma decibel 60.

Timasipika ta mu TV sitifika kawirikawiri pa muyeso woopsa m'chipinda chochezera. Masipika apadera amafika mosavuta, makamaka m'nyumba zothithikana zoonetsera kanema, m'mene ana aang'ono amakonda kukhala kutsogolo penipeni, pafupi ndi chisipika. Mpira umodzi ndi mphindi 90, ndipo ena amaonera iwiri motsatizana. Pali njira yapafupi yoyezera popanda makina: ngati mukuchita kufuula kuti munthu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokosolo lapitirira. Ngati mutatuluka m'makutu mukulira kapena mukumva ngati mwatsekeka, makutu avulala kale pang'ono. Makolo, mwana amene amakonda kufunsa kuti "mwati bwanji?" kapena amene wayamba kutsalira m'kalasi popanda chifukwa, mupite naye kuchipatala akamuone m'makutu. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre kuli malo opimira kamvedwe ka makutu.

NANGA TIGULE KAPENA AI?

Musanatulutse ndalama, yambani ndi zaulere. Onani kumene masipika a TV yanu ayang'ana. Ngati ayang'ana pansi, chotsani kansalu kokongoletsa kamene kali pa tebulo, kuti thabwa libweze mau kwa omvera. TV isapanikizidwe m'kabati. Lowani m'malo osinthira mau musankhe polembedwa Speech, News kapena Clear Voice. Ngati pali pochepetsera besi, chepetsani pang'ono ndi kukweza mau apakati. Yalani mkeka, sendezani mipando. Banja la anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi limene limaonera nkhani, Misa ya pa Luntha TV ndi mpira m'chipinda chaching'ono lingapeze kuti silikusowanso kanthu.

Masipika apadera ndi oyenera pamene chipinda n'chachikulu ndipo anthu ndi ambiri, monga holo ya sukulu kapena ya parishi ndi nyumba yoonetsera kanema, kapenanso pamene banja limakonda nyimbo ndi mafilimu ndipo magetsi alipo okwanira. Pogula, yambani mwaona kumbuyo kwa TV kapena dikoda yanu ngati kuli potulukira mau: timabowo tiwiri, kofiira ndi koyera tolembedwa Audio Out, kabowo ka mahedifoni, kapena HDMI yolembedwa ARC. Ma TV ena atsopano alibe timabowo tofiira ndi toyera totulutsa mau, ndipo anthu afikapo kunyumba ndi wufa yosowa poilumikiza. Bluetooth imathandiza, koma nthawi zina mau amachedwa, milomo n'kumatsogola. Waya ndiye wodalirika.

M'sitolo, wogulitsa adzakuikirani nyimbo yogunda kwambiri. Mupempheni mwaulemu kuti aike munthu wolankhula, monga wowerenga nkhani, ndipo atsitse mau. Imani patali pang'ono. Ngati mukumva liu lililonse, sipikayo ndi yabwino. Gogodani bokosi ndi chala: lolemera ndi lolimba ndilo labwino, lolira ngati chigubu mulisiye. Masipika awiri abwino oyang'ana kutsogolo amaposa timabokosi tisanu ta pulasitiki. Wailesi yakale ya makaseti yokhala ndi bowo la Aux ingathenso kugwira ntchito imeneyi pa mtengo wa waya wokha.

Mukafika nawo kunyumba, ikani sipika imodzi kumanja kwa TV, ina kumanzere, pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi pa mpando. M'holo muwakweze pamwamba pa mitu ya anthu ndi kuwapendeketsa pang'ono, kuti akumbuyo amve popanda kugonthetsa akutsogolo. Wufa ingakhale pansi paliponse, koma mukaiika pa ngodya besi imachuluka, ndipo nayenso mnansi amailandira. M'mudzi muli odwala, makanda ndi asodzi ofuna kugona asanalawire kunyanja, ndipo khoma la njerwa silitchinga besi.

Anzanga aseminale, tikapita ku tchuthi makolo amatiyesa odziwa zinthu, ndipo funso la wufa lidzatipeza. Tisathamangire kuloza katoni ya nambala yaikulu. Tifunse kaye kuti chipindacho n'chachikulu bwanji, mumakhala anthu angati, amaonera chiyani, batire ndi lotani, ndipo ndani amene sakumva. Mayankho a mafunso asanuwa ndiwo adzanene ngati pakufunika sipika, mphasa, kapena kungosendeza mpando. Ndipo amene agula kale akumbukire mau a akulu akuti ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Sipika ikang'ambika amisiri a pa Jali angaimate, koma khutu likaonongeka palibe mmisiri amene angalibwezere mwakale.